Kambale Komwe Kanapita ndi Mphepo

Abwana athu mayi Carla Voss, abusa Ostrander, alamu anga a Rhonda pamodzi ndi ana anu, anzanga a m'shopu, ndi inu makasitomala amene mwatsata fungo la nyama ya gwape, ndakupatsani moni nonse.

Akumbuyo mukundimva? Sunthirani kuno. Mawu anga ndi omwewa, ndilibe ena.

Ine ndine Wendell Pruitt, wosunga stolo ya zipangizo. Sukulu ndinalekeza kalasi yachisanu ndi chitatu, ndiye musayembekezere mawu akuluakulu. Koma masiku ndimasunga. A Lyle Hagedorn, amene akupuma pantchito lero, anayamba ntchito Lolemba, pa 4 Malichi 1991. Lero ndi pa 29 Seputembala 2023. Ndiye kuti zaka 32, miyezi isanu ndi umodzi ndi masiku 25.

Achibale ena simudziwa bwino ntchito yathu. Timapanga masailensa, mapaipi aja ovekera kukamwa kwa mfuti kuti mlenje asagonthe makutu. M'kati mwa paipi mumakhala timbale tachitsulo tondondozana. Tsono lamulo limati kambale kamodzi, ngakhale kali kokha patebulo, ndi sailensa kale. Ife a shopu tili ndi chiphaso. Koma kakapezeka kunyumba kwa munthu popanda mapepala, ndi mlandu wa ndende mpaka zaka khumi. N'chifukwa chake kambale kakalakwika timakadula ndi sowo tisanataye. Zimenezi zisungeni, tizifuna kutsogoloku.

A Lyle anabwera kuno kuchokera ku mathirakitala, kumene chilichonse chimalowa ndi nyundo. Miyezi itatu yoyamba anawononga timbale 41. Todulidwa ndinawerenga 29. Khumi ndi tiwiri sindinatione. Ndinati ndiwafunsa Lolemba. Lamlungu linanditsogolera.

Tsiku limenelo, pa 23 Juni, malemu abwana Emmett Voss, bambo awo a mayi Carla, anaitanidwa kukadya kwa makolo a Rhonda, amene nthawiyo anali chibwenzi cha a Lyle, potuluka kutchalitchi. Akhala pakhonde, khofi ali m'manja. Kamphepo kawomba. Akumva ngwe, ngwe, ngwe pamwamba pa mutu. Pokweza maso, timbale tawo tomwe! Topukutidwa bwino, tomangidwa ndi ulusi wa mbedza, tikulira ngati mabelu.

"Rhonda, mwana wanga, ichi wachitenga kuti?"

"Wandipangira Lyle, pa tsiku langa lobadwa. Si chokongola?"

Khofi uja anathera pa thalauza la kutchalitchi.

Lolemba m'mawa abwana anakuwa mpaka makina onse anazimitsidwa. "Iwe Lyle! Anzako amapereka maluwa. Iwe wakapachika milandu khumi ndi iwiri pakhonde la apongozi!"

Tinapita atatu kukatsitsa, abwana, a Lyle ndi ine. A Rhonda anaima pakhomo, manja atapinda. Tafika kushopu, ndadula, ndawerenga. Khumi ndi kamodzi. Ndawerenganso. Khumi ndi kamodzi. Tabwerera kukafunsa, a Rhonda akuti, "Kamodzi kanapita ndi mphepo Lachinayi." Masiku awiri ine ndi a Lyle tikukwawa m'kapinga ndi maginito. Tinapeza misomali 63 ndi kiyi wa thirakitala amene anasowa mu 1987. Kambale ayi. Ndinalemba pakapepala kuti, "Kamodzi sikanapezeke," ndikumata m'kati mwa chitseko cha kabati yanga. M'mawa uliwonse ndikatsegula kabati, ndinkayamba ndawerenga kaye kapepalako.

A Rhonda sanawalankhule a Lyle miyezi itatu. Chaka chotsatira anakwatirana. Zimenezo sindinazimvetse mpaka lero.

Kuyambira pamenepo a Lyle anasanduka munthu wina. Poweruka ankatembenuza matumba a thalauza pakhomo, n'kuyang'ana m'bokosi la chakudya. Anayamba ndi awo, kenako athu. Abusa, mukukumbukira mutabwera kudzadalitsa makina atsopano? Munatuluka matumba ali panja ngati makutu a galu.

Makasitomala nawonso anawalawa. Munthu amabwera, akuti, "Achimwene, kambale kamodzi kaphwanyika, ingondipatsani kena ndikaikemo ndekha." A Lyle yankho linali limodzi: "Bweretsani yonse. Ndisintha ine, kakale ndidula ine." A Dwight Kimsey ali apowo, akudya ngati sakumva. Mu 2016 anaponda sailensa yawo ndi galimoto ya ng'ombe, paipi n'kuphwatalala. Akuti, "Lyle, ndipangire paipi ina, ulembepo nambala yakale yomweyi. Adziwa ndani?" A Lyle akuti, "Ndidziwa ine. Paipi yatsopano ndi sailensa yatsopano. Fomu yatsopano, msonkho wa madola 200, ndiye mudikire." A Dwight anawatukwana mawu amene sindingabwereze pamaso pa abusa. Anadikira miyezi khumi ndi umodzi. Koma lero akudya nafe, sakudya chakudya cha kundende.

Tsono ndifike pa mwezi wathawu.

Lolemba pa 14 Ogasiti, a Rhonda analowa mu stolo yanga atanyamula chitini chawo cha mabatani. Anali akulongedza katundu, poti akusamukira pafupi ndi mwana wawo Tessa. Akuti, "Alamu, khalani pansi kaye." Ndakhala. Atsegula chitini, avundula mabatani ndi chala. Ndikuona kachitsulo kakunyezimira, ulusi wa mbedza ukadali pomwepo.

Ndinati, "Alamu, si munati mphepo?"

Akuti, "Mphepo ija ndinali ine."

Ndinafunsa chifukwa. Akuti, "Chinali chinthu choyamba chimene mwamuna anandipangira ndi manja ake. Inu munabwera ndi sowo wanu. Mukanakhala inu mukanapereka tonse?"

Ndinapita kukaitana a Lyle. Anafika, n'kusuzumira m'chitinimo. Anakhala pa chidebe cha mafuta.

"Amayi a Tessa, mwandinamiza zaka 32?"

"Inunso munalonjeza kuti mudzaphunzira kuvina. Tafanana."

Mukuseka lero. Tsiku limenelo panalibe woseka. Munthu watsala ndi masabata asanu ndi awiri kuti apume, ndiye mlandu wa zaka khumi ukutuluka m'chitini cha mabatani. Chiphaso cha shopu, chimene chimatidyetsa anthu khumi ndi anayi, chinalinso pamoto. Wina anati tingokadula mwakachetechete, zithe. Sinditchula dzina, koma anali ine. A Lyle anakana. Akuti, "Achimwene, ndakaniza anthu njira zachidule zaka zonsezi. Lero ndidutse ineyo?"

Mayi Carla anaimbira loya wathu. Loya anaimbira ofesi ya boma yoona za mfuti, n'kufotokoza zonse kuyambira pakhonde paja. Anatiuza kuti kambaleko tikatsekere m'sefa, bokosi lija lachitsulo losungiramo ndalama, tidikire. Tinadikira masiku asanu ndi anayi. A Lyle, amene amadya madonasi atatu isanakwane naini koloko, sanakhudze ngakhale imodzi. Masana ankangokhala m'galimoto yawo, wailesi ili chete.

Lachitatu pa 23 Ogasiti kunabwera mayi wa ku ofesi ija. Anatifunsa mmodzimmodzi, akulemba. Ndinawaonetsa kapepala ka m'kabati mwanga, kofiirira kale, tsiku lake lili pomwepo. Kenako anakweza kambale kaja poyera, akuyang'ana.

"Anapanga ndani?"

"Ine, mayi."

"Bowoli silili pakati."

"Ndinali watsopano, mayi."

A Rhonda anapempha kuti akapereke okha. Anakapukuta ndi mpango, anamasula ulusi n'kuusunga, kachitsuloko n'kupereka. Mayi aja anatisiyira pepala losonyeza kuti alandira, n'kunena kuti nkhani yathera pomwepo. Galimoto yawo isanatuluke pageti, a Lyle anali atadya madonasi asanu. Ine ndinakamatula kapepala kaja. Usiku umenewo ndinagona ngati mwala, mpaka ndinachedwa kuntchito ndi mphindi khumi ndi ziwiri, koyamba chiyambire.

Achimwene anga a Lyle, tsopano ndinene zoona. Pazaka 32 palibe kasitomala mmodzi amene anagwa m'mavuto chifukwa cha ntchito ya manja anu. Munkanyozedwa kuti ndinu ouma mutu, koma kuuma kumeneko ndi kumene kwasunga chitseko cha shopu ino chotsegula. Amene ali pamakina lero munawaphunzitsa ndinu. Nditathyoka mwendo mu Januwale 2009, munkabwera kudzandichotsera chipale chofewa pakhomo m'mawa uliwonse, masiku 47, osanena mawu. Ine sindinathokoze bwino nthawi imeneyo. Ndikuthokoza lero. Zikomo, achimwene.

Tsono mphatso. Anzanga a m'shopu, mwakhala mukulozana zala mwezi wonse kuti masupuni a m'khitchini akutha. Siyanani. Wakuba ndi ine. Tessa, tavundukula bokosilo, ukweze m'mwamba.

Mwamva kulira kwake? Masupuni khumi ndi awiri, ulusi wa mbedza. Ndawerenga kawiri. Mayi a boma aja ndinawafunsa asanapite, anati supuni ndi supuni, sifuna fomu. Mukapachike pakhonde latsopano, achimwene, mukhale pansi pake, matumba a alendo muwasiye.

Alamu, envelopu iyi ndi yanu. Muli supuni yakhumi ndi chitatu. Imeneyo ndi ya mphepo. Mukaike m'chitini cha mabatani, enawa asasowe.

Pumani bwino, a Lyle, ndipo kuvina kuja mukaphunzire. Inu nonse, mawu anga ndi aang'ono, ndiye ndithandizeni ndi manja anu. Tiwaombere m'manja mpaka amene ali panja m'galimoto amve!