A Kaphwiyo ndi Maliro a Kenani

Malemu Bambo Hamilton Dixon Kaphwiyo, amene agona patsogolo pathupa, anabadwa pa 9 Malichi 1957 m'mudzi wa Mtengowagwa, Mfumu Yaikulu Kachere, m'boma la Dedza. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Abusa, akuluakulu a mpingo, abale ndi alongo a muno mu Indianapolis, ndi inu amene mwayenda mtunda wonse uja kuchokera ku South Bend, wowerenga mbiriyi ndine Chester, mlamu wawo, mlongo wa Mayi Ida Kaphwiyo akhala apowa. Banja latuma ine chifukwa mlamu amaloledwa kunena poyera zimene ena anganenere kuseri. Kuseka kukakufikani musakubise, poti eni akewo anali munthu wa nthabwala.

Malemu anayamba sukulu mu 1964 kumudzi komweko. Luso lojambula linaonekera msanga, ndipo makoma a nyumba ya makolo awo ndiwo anavutika nalo, chifukwa makala sankasowa. Atamaliza sekondale, mu 1977 anasankhidwa kupita ku Polytechnic ku Blantyre kukaphunzira kujambula mapulani a nyumba. Mu 1981 analembedwa ntchito m'boma ku Lilongwe, kumene ankajambula nyumba za aphunzitsi. Ngati munakhalapo m'nyumba ya boma ya zipinda ziwiri, khitchini ili panja, mwina ndi dzanja lawo, ndipo tikupempha kuti muwakhululukire lero.

Pa 17 Ogasiti 1985 anamanga ukwati woyera ndi achemwali anga. Ine ndinawachenjeza achemwali kuti munthu amene akuyeza khonde la apongozi ake ndi tepi pa tsiku la chinkhoswe ndi wofunika kumuganizira kawiri. Sanandimvere, ndipo anachita bwino, chifukwa anapeza mwamuna wofatsa, wosamwa, wosakweza mawu pakhomo. Vuto lawo linali limodzi lokha, ndipo ndikufikako.

Mu Ogasiti 1991 malemu anapeza mwayi wodzapitiriza maphunziro pa yunivesite ku South Bend. Pabwalo la ndege analonjeza mayi akunyumba, ife tonse tikumva, kuti ndi zaka ziwiri zokha. Akangolemba buku la kafukufuku wawo, abwerera kwathu kukamanga ku Dedza. Chaka chotsatira mayi anawatsatira ndi mwana wawo woyamba, Bongani. Anabwera ndi sutikesi imodzi. Mapoto ndi makina osokera anangosungitsa kwa aneba, poti munthu wobwerera posachedwa sagulitsa katundu.

Ku yunivesite kuja mphunzitsi wawo anawapatsa bokosi la zithunzi zakale za nyumba za ku Turkey, nawauza kuti alembe za munthu amene anazijambula mapulani. Munthuyo dzina lake linali Kenan, ife tinkangoti a Kenani. Ambiri muno mbiri yawo mukuidziwa pamtima, chifukwa munaimva pa maukwati a ana anu, malemu atapatsidwa mwayi wongopereka malangizo ochepa. Koma pali alendo, ndiye ndiifupikitse monga eni ake sanaifupikitsepo.

Malinga ndi malemu, a Kenani anabadwa mu 1876 mumzinda wa Istanbul. Anayamba ntchito ku dipatimenti ya mapositi, ufumu wakale wa dzikolo usanathe, namanga mapositi ofesi m'matauni ang'onoang'ono. Kenako anamanga doko lokwerera sitima zapamadzi, la matailosi obiriwira, makonde aakulu, ndi kadenga kozungulira ngati dengu lovundikira. Likulu la dziko litasamukira ku Ankara, nawonso anapita komweko ndi mapensulo awo. Koma nthawi inawatembenukira. Akuluakulu anayamba kukonda nyumba zosalala zopanda zokongoletsa, a Kenani n'kutsala akukonza mipope ya m'misika. Anamwalira mu 1934, anthu atawaiwala kale. Pofika apa malemu ankavula magalasi n'kupukuta m'maso, akwati ali chiimire, mpunga ukuzizira.

Pofika mu 1993 bukulo linali litatha, kupatula tsamba lomaliza. Mapepala onse amene anawapeza ankangonena chaka chimene a Kenani anamwalira, osanena kumene anaikidwa kapena ana amene anasiya. Aphunzitsi anati zimenezo zilibe ntchito, abweretse bukulo alandire digiri yawo. Malemu anawayankha mwaulemu kuti: "Kwathu mbiri ya munthu sitimaisiya m'malere. Timanena kumene wagona ndi amene wawasiya. Ndikapeza zimenezo ndilipereka bukulo." Ophunzira anzawo anavala mikanjo n'kupita. Aphunzitsi aja anapuma pantchito, ena n'kumwalira. Tsamba lomaliza linangokhala loyera, ndipo ulendo wa kwathu unadikira tsambalo.

Mu 1994 kunabadwa mwana wachiwiri, Chiyamiko. Malemu anali atakonzeratu dzina loti Kenani, koma Mulungu anachitira mayi chifundo, mwana anabadwa wamkazi. Mayi analowa ntchito yosamalira odwala pachipatala ku South Bend, kumadikira basi pachisanu chija inu akumeneko mukuchidziwa. Mu 1996 malemu analembedwa ntchito pa kampani ina yojambula mapulani, ndipo mu 2003 anawasamutsira kuno, banja n'kukhazikika ku Speedway, pafupi ndi bwalo la mpikisano wa magalimoto. Ntchito yawo yaikulu inali kujambula malo oimikapo galimoto. Munthu wolota madenga ozungulira anatha zaka zake akujambula mizere yoyera pa phula, koma ankaijambula moongoka, ndipo sanadandaulepo. Mwezi wa Meyi, magalimoto a mpikisano akamabangula mpaka mawindo kunjenjemera, aneba ankathawa, iwo ali phee pa tebulo ndi dikishonale ya Chitheki, chinenero cha a Kenani.

Ana anakula akudziwa a Kenani ngati agogo awo. Bambo ankawafunsa m'Chichewa chaka chimene doko lija linamangidwa, iwo n'kuyankha m'Chingerezi, koma osalakwa. Kumudzi nako nkhani inafika. Mayi awo a malemu, pomva kuti mwana wawo sakubwera chifukwa cha a Kenani, anaganiza kuti ndi bwana wa kuntchito. Aliyense wobwera kuno ankamupatsira mtedza wa bwanayo, ndi uthenga woti amumvere chisoni mayi wokalamba, amupatseko mwana wake tchuthi. Anamwalira mu 2008 akudikirabe yankho.

Apa pokha kuseka kuyambe kwaima. Achemwali anga anavutika. Makolo athu onse awiri anapita iwo ali kuno. Chaka chilichonse ankafunsa za ulendo, chaka chilichonse ankauzidwa kuti kwatsala pang'ono. Sanachoke pabanja, sanang'ambe buku lija ngakhale ankadziwa pamene limakhala. Ankangouza amayi anzawo a chigwirizano kuti: "Ine pakhomo paja ndine mkazi wamng'ono. Wamkulu ndi Kenani."

Mu 2019 mayi anatopa nazo. Pa Lafayette Road pali sitolo ya banja lina la ku Turkey kumene ankagulako mpunga ndi nyemba. Tsiku lina anakhuthulira mayi wa m'sitolomo mavuto awo onse, ndipo mayiyo, poti nayenso ali ndi mwamuna, anamvetsa msanga. Anaimbira foni achibale ake, achibalewo n'kuimbira anzawo. Mwezi usanathe kunabwera uthenga woti mdzukulu wa a Kenani alipo ku Istanbul, dokotala wa mano wopuma pantchito.

Mu Seputembala chaka chomwecho malemu ndi mayi anakwera ndege. Malemu ananena kuti sangafike pakhomo pa munthu n'kuyamba ndi mafunso, chonsecho maliro a pakhomopo sanakhuze. Zoti papita zaka makumi asanu ndi atatu ndi zisanu anati si mlandu wa anamfedwa. Choncho ananyamula chipepeso cha shuga ndi masamba a tiyi a kwathu, mayi n'kumanga chitenje ndi duku. Ndipo monga mwambo wathu, munthu wokhuza maliro amayamba kulira akayandikira nyumba. Dokotalayo ankakhala pamwamba pa nyumba yosanja, ndiye mayi anayambira pa masitepe apansi.

Zitseko zinatseguka ponseponse. Aneba anaganiza kuti wamwalira ndi dokotalayo, ndipo mkazi wake, amene ankachokera kumsika, anataya matumba n'kuyamba kulira nawo. Womwalirayo anatsegula chitseko yekha, ali m'masilipasi, kapu ya tiyi kumanja. Malemu anavula nsapato, anakana mpando, anakhala pansi, n'kupereka mawu achipepeso m'Chitheki chimene anaphunzira m'makalata a boma a 1910. Panatenga nthawi kuti pakhomopo amvetse kuti akupepesedwa pa imfa ya agogo amene dokotalayo sanawaonepo. Ine ndinafunsa achemwali kuti misozi yonse ija ya mkazi mnzawo anaitenga kuti. Anati sankalira Kenani, ankalira zaka zawo, koma poti mpata unapezeka anangophatikiza.

Mdzukuluyo ankangodziwa kuti agogo ake ankagwira ntchito m'boma. Malemu anamufotokozera zonse, kuyambira positi ofesi yoyamba mpaka mpope womaliza, ndipo kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo anapeza munthu womvetsera osayang'ana wotchi. Dokotala uja analira zenizeni. Kutacha anawatengera kumene anamva kuti agogo akewo anaikidwa. Anapeza msewu waukulu. Manda anasamutsidwa kalekale pomanga msewuwo, ndipo palibe amene ankadziwa kumene mafupa anapita. Malemu, munthu wodziwa bwino ntchito ya phula, anaima m'mbali mwa msewu nthawi yaitali, mabasi akudutsa. Kenako anatembenukira kwa mayi nati: "Amayi, tiyeni tikapakire. Sindikufuna kuti adzukulu anga adzandifunse kwa madalaivala a basi."

Atabwerako analemba tsamba lomaliza lija tsiku limodzi. Analemba kuti kumene a Kenani agona sikudziwika, ndipo asiya mdzukulu mmodzi ndi olira awiri a ku Dedza. Ku yunivesite sanalipititse. Anati digiri alibe nayo ntchito, akufuna tikiti. Koma mu 2020 mliri uja unatseka maulendo. Mu 2021 anayamba kumanga nyumba kumudzi, akulamulira amisiri pa foni ndi kuwagwetsetsa khoma lililonse lokhota. Nyumba itatsala pang'ono kutha, mu 2023, anayamba kudwala impso, ndipo madokotala anati sangakhale kutali ndi makina otsuka magazi. Zimenezi zinawapweteka kuposa matendawo. Anapepesa mayi pamaso pa ana, ine ndilipo, kuti anawadyera zaka zawo. Mayi anawauza kuti agone, asatopetse mtima.

Ali m'chipatala muno mu Indianapolis anapempha pepala ndi pensulo, najambula pulani yawo yomaliza. Ndi chiliza cha malo awiri, cha khonde lalikulu loti odzaona manda azibisalamo mvula, ndi kadenga kozungulira pamwamba. Kenako, akuyang'ana kumbali ngati mwana wopempha shuga, anafunsa mayi ngati angalole kuti palembedwenso dzina la a Kenani, poti alibe mwala wawo pena paliponse. Mayi anaiyang'anitsitsa pulaniyo. Pomaliza anati: "Alembeni, koma zilembo zing'onozing'ono, ndipo kumbali kwanu. Kumanda kokhako mkazi wamkulu ndikakhale ine." Malemu anaseka mpaka anamwino anabwera kudzaona.

Bambo Hamilton Dixon Kaphwiyo anatisiya pa 3 Novembala 2024 ali ndi zaka 67. Lachinayi likubwerali thupi lawo linyamuka ulendo wa ku Dedza, kumene akaikidwe m'manda a makolo awo. Mayi akwera ndege yomweyo, ndipo andiuza kuti ndikudziwitseni kuti tikiti yobwerera sanagule. Analonjezedwa kuti adzabwerera kwathu limodzi ndi amuna awo, ndipo akubwereradi limodzi, ngakhale si mmene onse awiri ankafunira.

Malemu asiya mayi, ana awiri, Bongani ndi Chiyamiko, adzukulu atatu, ndi alongo awo awiri kumudzi. Banja likuthokoza abusa ndi mpingo wonse, amayi a chigwirizano amene sanachoke pa siwa, anamwino ndi madokotala amene anawasamalira, anzawo a kuntchito, Amalawi onse a muno ndi a ku South Bend amene mwagwirana manja kuti ulendowu utheke, banja la m'sitolo la pa Lafayette Road limene lakhala kumbuyo uko, komanso dokotala wa mano wa ku Istanbul, amene watumiza chipepeso chake pa nthawi yake.

Alamu anga, munatichedwetsa pa maukwati ambiri, koma lero ndi ife tikulakalaka mukanalankhulako pang'ono. Pitani kwanu tsopano, achemwali anga akuperekezani mpaka pakhomo. Mzimu wanu uuse mumtendere wa Ambuye, pamalo pamene adzukulu anu adzapadziwe.