Saya imene ndinakalipira mkazi wanga

Ine ndine bambo wa ku Namacula. Chonde ndiwerengereni kalatayi pa wailesi kuti abambo anzanga amve.

Chaka chatha mkazi wanga anasokera mwana wathu wamkazi saya, siketi ya kusukulu. Nditaona kukula kwa nsalu imene anadula, ndinamukalipira. "Iwe, kamwana koyamba kumene sukulu, nsalu yonseyi? Ukungowononga!" Iye anangopitiriza kusoka. Mu Juni, nthawi ya chisanu, anadwala n'kutisiya.

Januwale uno, sukulu ili pafupi kutsegulidwa, ndinagula makaderno olembamo ndi lapisi yolembera, koma saya ija inali itafupika, mawondo ali pamtunda. Ndinapita nayo kwa telala kuti asoke ina. Iye anaitembenuza, n'kumasula ulusi wam'munsi. Nsalu inatsika. Mkati munali popinda pena, ndi penanso.

"Achimwene, yatsopano ya chiyani?" anatero telalayo. "Amayi ake anaipinda katatu. Imufikitsa kalasi yachinayi imeneyi."

Ndinabwerera nayo kunyumba. Mwana ataivala anazungulira, nati, "Ababa, amama anadziwa kuti ndidzakula!"

Abambo anzanga, muzifunsa musanakalipe. Mkazi wanga ali kumanda koma akuvekabe mwana, ndipo ine ndilibe kokapepesa.