Bantomu pa Chikwangwani

Pa siteji ya Chadiza, anthu akudikira lole ya ku Fort Jameson, mdala wina dzina lake Manase anali atafungatira chikwangwani chonunkha utoto. Mlimi wa ku Zingalume anachiyang'anitsitsa mpaka fodya kumuzimira pakamwa.

"Akulu, wajambula ng'ombeyi ndani?"

"Mwana wanga Ezara! Akuphunzira kujambula zikwangwani kusukulu ya ntchito zamanja. Ichi n'cha pa butchala ya mlamu wanga."

"Nanga nyanga yothyokayi wangoipeka?"

"Kupeka? Aphunzitsi awo amakwapula m'manja ukajambula zam'mutu. Amati jambula chimene maso akuona. Mlamu anagwira chingwe, mwana n'kukhala pachitsa tsiku lonse."

"Nanga chipsera chapakhosichi?"

"Mwachiona? Muli ndi maso inu! Cha goli chimenecho."

"Golilo ndinasema ndine. Uyu ndi Bantomu wanga, anasowa m'khola mwezi wathawu. Mvula yayandikira, ndilima ndi chiyani? Ali kuti?"

"Aaa, pepani bambo. Chiwindi chake ndinadyako Lamulungu."

"Bweretsani kuno chikwangwanicho! Ndipita nacho kukhoti chikakhale mboni."

"Gwirani m'mbali, utoto sunaume! Koma mwamuzindikira osauzidwa, eti?"

"Ngakhale kamwana kanga kotsiriza kangamuzindikire, n'kuyamba kulira."

"Basi, sukuluyo ikuphunzitsadi! Mlamu aziona yekha. Koma akakufunsani kukhotiko kuti wajambula ndani, musakang'ung'udze ayi. Mukanene mokweza kuti ndi mwana wa Manase. Mwina oweruzawo angafune chawo."