Mkono Umene Ndinanamizira a Mhone

Abale ndi alongo, mumandidziwa ngati mphunzitsi wa kwaya. Zaka zonsezo ndinkaimbitsa nyimbo za Yesu, koma amene ndinkamutamanda ndinali ine ndemwe.

Masana ndinkakhala nditaweramira kompyuta ku ofesi pa boma pano. Madzulo ndinkaima patsogolo pa kwaya ngati mfumu. Wolakwitsa mawu ndinkamuchititsa manyazi pagulu. Wondithandizira wanga anali a Mhone, msodzi wa ku Mwaya. Ndinkawaderera chifukwa sukulu sanapite nayo patali.

Kenako mutu unayamba kundiwawa, kuyambira kunkhongo. Khosi linauma. Ululu unatsikira paphewa mpaka ku mkono wamanja, zala ziwiri n'kuchita dzanzi. Lamulungu lina ndinakweza mkono kuti tiyambe nyimbo. Unangogwa.

A Mhone analowa m'malo mwanga. Kwaya inaimba mokoma kwambiri. Zimenezo zinandiwawa kuposa mkono.

Ndinayamba kunena kuti a Mhone andilodza pofuna mpando wanga. Ndinauza mmodzi, ndinauza wina, mpaka nkhani inafika kumsika. Ine, mkhristu, ndinapita mobisa kukatemera mphini. Sizinathandize. A Mhone anasiya kwaya, ndipo anthu ena analeka kuwapatsa moni.

Mkazi wanga, NyaLongwe, ndiye anandikakamiza kupita kuchipatala. Dokotala anandifunsa zala zimene zikuchita dzanzi, ndi mmene ndimakhalira pa ntchito. Anapendeketsa mutu wanga n'kukanikiza pang'ono. Ululu unathamanga ngati magetsi mpaka kuzala.

"Ada, mkonowu ulibe mlandu," anatero. "Zonsezi zikuchokera m'khosi."

Ananditumiza ku Mzuzu kukajambulitsa. Chithunzi chinaonetsa kuti mafupa a m'khosi aperepeseka, ndipo akupana mtsempha wopita ku mkono. Mutu nawo unkawawa chifukwa cha khosi lomwelo. Panalibe mfiti.

M'minibasi pobwerera, Mulungu anandionetsa mtima wanga, ndipo unali woipa kuposa chithunzi chija. Ndinalira. Ndinati, "Ambuye, ndaononga munthu wosalakwa. Ndikhululukireni."

Mawa lake ndinapita ku Mwaya. Ndinawapeza a Mhone akusoka ukonde. Ndinagwada pamchenga.

Iwo anati, "Dzukani, ada. Ine ndinakhululuka kale. Koma banja langa likutchedwabe la mfiti. Munanena pagulu, mukakonzenso pagulu."

N'chifukwa chake ndaima pano lero. Mpingo wonse umve: a Mhone sanandilodze. Ndinanama ndine. Nsanje ndi kudzikuza zinali zanga.

Khosi silinachiriretu. Ndimamwa mankhwala, ndimachita mafizo a khosi amene anandiphunzitsa kuchipatala, ndipo kompyuta ija ndinaikweza kuti ndisamawerame. Dzanzi likutha. Koma mtima Yesu anauchiritsa, pamenepo sindikayika. Tsopano ndimaimba besi pamzere wakumbuyo, a Mhone anabwerera ndipo ali kutsogolo, ndipo sindinaimbepo ndi mtendere wotere. Dzina la Ambuye litamandike!

M'bale wanga, ngati thupi likupweteka, pita kuchipatala akakupime. Usafulumire kuloza mnzako chala. Ngati unamuloza kale, usadikire. Yesu amakhululuka, ine ndine mboni. Bwera kwa Iye lero, ukatuluka muno ukamupeze munthuyo.

A Mhone, yewo ada, zikomo kwambiri. Tiyambitsireni nyimbo.