Galu wa m'chitsime ndi mawu a Tadala

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse, ndipo yewo chomene kwa inu amene munkatikumbukira m'mapemphero. Ine ndine make Tadala, ndimagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Mhuju. Kwathu ndi ku Ntcheu, kuno ndinabwera ndi ukwati. Ndikufuna ndikuuzeni za mwana wanga amene anasiya kuyankhula, ndi zimene Mulungu anatichitira, ngakhale kuti mpaka lero sindikuzimvetsa bwinobwino.

Bambo ake a Tadala anamwalira mwanayu ali Sitandade 2. Anangodwala pang'ono, basi n'kutisiya. Titachoka kumanda ndinamufunsa Tadala ngati akufuna madzi, iye anangondiyang'ana. Ndinkaganiza kuti watopa. Koma mawa lake chete, sabata yotsatira chete, mvula inabwera mpaka kutha, mwana adakali chete.

Kuchipatala anamuunika m'makutu ndi kukhosi, n'kunena kuti palibe vuto. Apongozi anga ankati bambo ake amugwira lilime. Ena ankati ndi anthu oipa. Aphunzitsi ankati amalemba bwino, koma akamuitana dzina savomera. Aliyense ankabwera ndi yankho lake, ine mutu unangoima. Ndikagwada sindinkadziwa chopempha. Ndipemphe machiritso, pomwe adokotala akuti sakudwala? Ndinkangoti, Ambuye, ndimveko mawu ake, ngakhale akhale ondichitira mwano.

Amene sanatope naye ndi Wezi, mwana wa aneba athu. Wezi amalongolola Chitumbuka chake osapuma, ndipo Tadala ankangomutsatira pambuyo kulikonse, kumjigo, kumadimba, kokatola masuku.

Loweruka lina masana ndikuikira kasitomala tomato mujumbo, Tadala anatulukira akuthamanga, diresi lili matope okhaokha, silipasi imodzi palibe. Anandikoka chitenje.

"Amayi, chingwe."

Mawu ake anali osasa ngati a nkhalamba. Ndinacheuka kumbuyo kuti ndione amene wayankhula. Jumbo linandipulumuka, tomato mbwee pansi.

"Tadala, ndiwe? Tanenanso!"

"Chingwe! M'chitsime!"

Nditayang'ana uku ndi uku osamuona Wezi, ndinaganiza kuti wagwamo ndi iyeyo. Ndinakuwa kuti mwana wagwera m'chitsime. Msika wonse unadzuka. Bambo wina wa kabaza anamasula chingwe panjinga yake, tonse n'kuyamba kuthamanga, Tadala patsogolo. Mayi ake a Wezi ankabwera m'mbuyo, manja ali kumutu, akulira maliro. Abale anga, sindinasokonezekepo ngati tsiku limenelo. Mwana wanga wayankhula, mwana wa mnzanga akufa. Ndithokoze kapena ndilire? Pakamwa panga pankatuluka zonse ziwiri.

Tinafika pachitsime chakale cha kudimba, chimene anthu anasiya kutungapo. Wezi tinamupeza wamoyo, atagona chafufumimba m'mphepete, akutsitsa chitenje chake chimene sichinkafika n'komwe. Pansi pake, m'madzi a matope ofika m'khosi, munali galu wowonda wofiirira, akulira motsitsa ngati khanda.

Anthu ena anaseka, ena anakwiya. Mayi wina anati, "Mwatithamangitsira ntchewe, galu chabe?" Mayi ake a Wezi anamumenya mwana wawo kambama, kenako n'kumukumbatira. Ine manyazi anandigwira, poti amene anakuwa ndine. Anthu anayamba kubwerera kumabenchi awo, ndipo bambo wa kabaza uja anayamba kukulunga chingwe chake. Tadala anakaima kutsogolo kwawo.

"Amalume, musapite. Akuzizidwa."

Bambowo anamuyang'ana mwanayo, anandiyang'ana ine, poti pamsika ponse ankadziwa kuti sayankhula. Kenako anavula nsapato, anadzimanga chingwe m'chiuno, anyamata awiri ndi ife amayi tinagwira mbali inayi. Anatsika ndi thumba, ndipo anatuluka atakumbatira galuyo m'thumbamo, onse awiri ali matope mpaka m'maso. Bambowo dzina lawo sindinawafunse, ndipo sindinawaonenso pamsika pathu. Ena akuti ndi a ku Njakwa.

Mwini galu sanapezeke. Atsikana awiriwa anamusambitsa, anamumanga mwendo wopweteka ndi kansalu, n'kumutcha Matope. Alangizi a ziweto anadzamubaya jekeseni wa chiwewe. Madzulo a Loweruka lomwelo ndikutsuka mbale, ndinamva mawu kuseri kwa khitchini. Tadala anali atakhala pansi, galu atatsamiritsa mutu pamwendo pake, ndipo ankamuuza kuti, "Adadi anga anamwalira. Nanga iwe ako ali kuti?" Ndinasiya mbale n'kugwada pomwepo, koma pemphero silinatuluke, inatuluka misozi yokha.

Sindinganame kuti zonse zinatheratu. Alendo akabwera amayankhabe ndi mutu, ndipo masiku ena amacheza ndi Matope kuposa ine mayi wake. Koma kusukulu tsopano amavomera, kutchalitchi amaimba, ndipo amakangana ndi Wezi mpaka ndimachita kuwaletsa. Ndinawafunsa abusa athu kuti n'chifukwa chiyani Mulungu anadutsa madokotala, anadutsa mapemphero a akuluakulu a mpingo, n'kudzera mwa galu wopanda mwini. Anaseka n'kunena kuti, "Mama, inenso sindikudziwa." Ndiye ngati abusa sakudziwa, ine wogulitsa tomato ndidziwa bwanji?

Chimene ndikudziwa n'chakuti Mulungu anandimva, ndipo ndikumuthokoza ndi mtima wanga wonse. Ndikuthokozanso Wezi, ndi bambo aja amene analowa m'chitsime chifukwa cha pempho la mwana. Inu amene muli ndi vuto losowa dzina, limene aliyense akulimasulira mwakemwake, musaleke kugwada ngakhale mawu akusoweni. Thandizo likadzafika mwina simudzalizindikira msanga, monga inenso sindinalizindikire.

Ndilekeze pomwepa, Ambuye akudalitseni nonse. Tadala akundikuwira panjapa kuti Matope wathawa ndi usipa wa ndiwo.