Ng'oma ya aNjobvu Silila Lelo

Malemu abambo Josphat Njobvu anabadwa pa 14 Juni 1958 ku Kaumbwe, m'boma la Petauke, ndipo sukulu anaphunzila komweko mpaka giledi seveni. Mu 1981 anakwatila amai Rabecca Sakala, nasamukila ku Kacholola kumene ankalima thonje ndi kukonza njinga m'mbali mwa mseu. Manja awo sankakhala chete. Chinthu chowonongeka ankachimvela chisoni kuposa munthu wodwala.

Apa tikupempha mutchele khutu, chifukwa zotsatilazi zikukhudza moyo wa enafe pano. Atate awo anawasiyila ng'oma ya bandi imene anabwela nayo ku nkhondo ya ku Burma, ija ya timawaya kunsi. Inakhala kudenga zaka zambili, dzimbili litaidya, chikopa makoswe atamaliza. Mu Ogasiti 2023 malemu anaitsitsa, nalonjeza achinyamata a kumpingo kuti adzaguba nayo pa Khisimasi. Anapala dzimbili, naika timawaya ta mabuleki a njinga. Chinatsala ndi chikopa.

Mu Okutobala thole la ng'ombe linafa lokha kudambo, magazi akutuluka m'mphuno. Khalidwe lathu tikulidziwa tonse, chiweto chikafa sititaya kanthu. Malemu anapempha chikopa. Amai Rabecca ndiwo anachiviika m'beseni lawo, malemu nachipala ndi kuchikunga. Ng'oma inalila mokoma, ndipo ambili mwa inu munaigwila ndi kuiyesa.

Pasanapite nthawi kachilonda kakuda kanawatuluka pakhosi. Sikankapweteka, choncho ankangokaseka. Kenako khosi linatupa, thupi linatentha. Adokotala anati ndi matenda a ziweto aja a antilakisi, ndipo tinachedwa. Malemu anatisiya pa 6 Novembala 2023. N'chifukwa chake bokosi silitsegulidwa.

Achinyamata, taona mwabwela ndi timitengo tanu kuti muwapelekeze ndi ng'oma yawo. Mutikhululukile, ifenso mitima ikutiwawa: azaumoyo aitentha m'mawa uno. Aliyense amene anaigwila apite kuchipatala lelo lomwe, osadikila mailo.

Malemu asiya ana atatu, Webster, Happiness ndi Jennipher, zidzukulu zisanu, komanso amai Rabecca amene simukuwaona pamphasa. Ali kuchipatala. Kachilonda komweko kawatuluka padzanja.

Tithokoza a mpingo, azaumoyo, okumba manda ndi nonse mwatigwila dzanja. Mzimu wa abambo Njobvu uuse mumtendele, koma amai Rabecca asawatenge, atisiyile.