Mphuno ya Gavrilă

Pa siteji ya basi ku Borșa, Ilinca ankadikira ndi dengu lake la bowa pamene bambo wina wachipewa anayamba kucheza ndi mayi wina wosamudziwa amene anakhala naye pabenchi.

"Mayi, mwamva? Ndalama zija boma latumiza zophunzitsira alonda a nkhalango, alembera nazo ntchito Gavrilă, wakuba mitengo wotchuka uja. Ndiye mphunzitsi wawo tsopano!"

"Ndinamva. Akuitha ntchitoyo?"

"Kuitha? Ine ndimawayendetsa pagalimoto, ndinaona ndi maso angawa. Akuba akadula mtengo amapaka chitsa matope ndi ndere kuti chioneke chakalekale. Alonda asanu anadutsa osaona kanthu. Mkuluyo anangogwada n'kununkhiza. Akuti, 'Uwu wagwa Lachiwiri.'"

"Ndi mphuno yokha?"

"Dikirani kaye! Anasisita modutsa sowo. Kenako akuti, 'Wadula apa ndi wamanzere, ndipo ndinamuphunzitsa ndine.' Anatchula dzina, alonda n'kulemba."

"Dzina la ndani?"

"La mwana wake womubereka yekha, mayi! Mtima wotere munauonapo?"

Mayiyo anakonza mpango wake pang'onopang'ono.

"N'chifukwa chake a Gavrilă, amuna angawo, sakudya sabata yonseyi," anatero chapansipansi. "Ine osandiuza."